Kachilombo kobwereka zida zathu: njira zisanu zolimbana ndi HIV, ndipo iti ikuyenera ndani

Pa WhatsApp sipatha mwezi osatulukira uthenga wakuti mankhwala ochiza HIV apezeka. Lero ndi jakisoni wa kawiri pachaka, mawa ndi bambo wa ku Berlin amene anachira, mkuja ndi asayansi amene akuti adula kachilombo mu DNA. Mlamu wanga, amene wakhala pa ma ARV zaka zoposa khumi ndipo amamwa piritsi lotchedwa 13A, ananditumizira umodzi usiku wina, pansi pake atalemba mawu ochepa chabe: "Alamu, ndisiye 13A ndidikire zimenezi?"

Chovuta n'chakuti nkhani zambiri mwa izi si bodza lenileni. Jakisoni uja alipodi, bambo ujanso analipodi. Koma uthenga umaphatikiza m'mphika umodzi zinthu zosiyana kutalitali: mankhwala othandiza munthu amene ali kale ndi kachilombo, oteteza amene alibe, ndi zoyesera zimene zikadali m'manja mwa ofufuza. Kuti muzisiyanitse nokha, pali chinthu chimodzi chofunika kuchimvetsa kaye.

Mlendo wofika wopanda mphika

HIV ili ndi majini 9 okha (sindikunena majini a mizimu, koma malangizo a chibadwa), ndipo pa majini amenewa pamachokera mapuloteni pafupifupi 15. Munthu ali ndi majini pafupifupi 20,000 opanga mapuloteni. Kachilombo kosauka chonchi sikangaswane pakokha. Kali ngati mlendo wofika chimanjamanja, wopanda mphika, nkhuni ngakhale mthiko, amene amaphika ndi zanu zonse.

Polowa m'selo, kamagwira puloteni yathu yotchedwa CD4, imene ili pa asilikali a m'thupi aja timawerengetsa kuchipatala. CD4 yokha sikwanira: pamafunika chogwirira chachiwiri, CCR5 kapena CXCR4, zimene zinadziwika mu 1996. Kakalowa, malangizo ake amayenda ali m'chigoba chotchedwa capsid, ndipo chigobacho chimagwirana ndi mapuloteni athu, monga Nup153 ndi CPSF6, kuti chidutse pakhomo la phata la selo. M'phatamo puloteni yathu ina, LEDGF, imalondolera kachilombo pamalo abwino pomata malangizo ake mu DNA yathu.

Apa ndiye pagona nkhani. Malangizo akamatidwa, kachilombo kalibe makina akeake owawerengera. Kamadikira selo lidzuke. Msilikali akadzutsidwa ndi matenda ena, puloteni yathu ya NF-kB imalowa m'phata n'kuyatsa majini a chitetezo, ndipo mosadziwa imayatsanso a HIV. Kukopera kumayamba koma kumaima msanga, mpaka puloteni ya kachilombo yotchedwa Tat itakoka mapuloteni athu awiri, cyclin T1 ndi CDK9, kuti akankhe makinawo afike kumapeto. Zokoperazo zimatuluka m'phata pa msana wa puloteni yathu ya CRM1, ndipo tizilombo tatsopano timaduka paselo ndi lumo la selo lomwelo.

Sikuti thupi limangoonerera. Tili ndi APOBEC3G, yodziwika mu 2002, imene imawononga zilembo za kachilombo, ndi tetherin, ya mu 2008, imene imamangirira tizilombo tatsopano kuti tisachoke. Kungoti HIV ili ndi mayankho ake: Vif imatayitsa yoyambayo kudzala, Vpu imachotsa yachiwiriyo.

Nanga selo likagona? NF-kB imakhala kunja kwa phata, cyclin T1 imachepa, ndipo mapuloteni otchedwa HDAC amathandiza kukulunga DNA zolimba ngati mtolo wa nkhuni. Kachilombo kamakhala phee, chitetezo sichikaona, mankhwala sakakhudza. Nkhokwe yobisikayi inatsimikizidwa mu 1997 mwa anthu omwa mankhwala bwinobwino. Gulu la Robert Siliciano ku Johns Hopkins linawerengera kuti imachepa ndi theka pa miyezi 44 iliyonse, kutanthauza zaka zoposa 70 kuti ithe yokha. Ndicho chifukwa munthu akasiya ma ARV, kachilombo kamaonekanso m'magazi kawirikawiri pasanathe mwezi.

Miyeso yake

Njira iliyonse ndiiyeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka kwake kwa munthu wokhala kuno, chisamaliro chimene imafuna mukaiyamba, ndi zoopsa zake. Koma musanafike kumeneko, funsani funso ili: kodi njirayi ikumenya chida cha kachilombo, kapena ikugwira puloteni yathu? Chida cha kachilombo mutha kuchithyola thupi osamva kanthu kwenikweni, chifukwa thupi silichigwiritsa ntchito. Puloteni yathu ili ndi ntchito yake ina kale, ndiye kuigwira kuli ngati kutseka chitsime cha mudzi kuti wakuba asamwe. Mudzaona kuti tikamayandikira mapuloteni athu, mtengo ndi zoopsa zimakwera limodzi.

1. Piritsi limodzi patsiku: TLD, kapena kuti 13A

Muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Awiri oyambawo amasokoneza chida chimene kachilombo kamasinthira malangizo ake kukhala DNA, wachitatu amatseka chida chomatira. Zonse ndi zida za kachilombo. M'Malawi anthu anayamba kusamutsidwa kuchoka pa piritsi lakale la 5A kupita pa 13A mu 2019.

*Mtengo.* M'zipatala za boma ndi aulere. Ogula amalipira ndithu, koma motsika: mu 2017 panagwirizanidwa madola 75 a ku America pa munthu pachaka, ndipo mu 2023 Global Fund inalengeza mtengo wosafika madola 45. Cholowa m'thumba mwanu ndi thiransipoti ndi tsiku la ntchito lothera pamzere.

*Kupezeka.* Palibe njira ina ingafanane nayo. Chodetsa nkhawa n'chakuti ndalama zake zambiri zimachokera kunja. Aliyense amene anali pafupi ndi chipatala kumayambiriro kwa 2025, boma la America litaimitsa thandizo lake mwadzidzidzi, anaona momwe anthu anada nkhawa ndi botolo lotsatira.

*Chisamaliro.* Kumwa tsiku lililonse, kukayezetsa viral load (kuchuluka kwa kachilombo m'magazi) pa nthawi yake, ndi kukatenga ena, amene kwa okhazikika amaperekedwa a miyezi yokwana 6. Pali tinthu ting'onoting'ono timene anthu amaphonya. Mapiritsi owonjezera magazi, a calcium ndi ena a chilungulira amagwira dolutegravir m'mimba n'kumulepheretsa kulowa m'magazi, choncho funsani katalikitsidwe kake. Mukayamba mankhwala a TB okhala ndi rifampicin, mumapatsidwa dolutegravir wina wapadera womwa patapita maola 12. Ndiye palinso katundu amene sawerengedwa m'mabuku: botolo limalira m'chikwama. Ndaonapo amayi atathira thonje m'botolo kuti lisachite phokoso mu minibasi, ena atasamutsira mapiritsi m'kachikwama ka ndalama. Kubisa kotere ndiko kumadumphitsa anthu masiku, makamaka pamaliro ndi paulendo.

*Zoopsa.* Kunenepa, makamaka kwa amayi; kusowa tulo kwa ena; shuga kukwera mwa ochepa; ndipo tenofovir amafuna kusamala ngati impso zili ndi vuto. Mantha a mu 2018, ochokera ku kafukufuku wa ku Botswana, akuti dolutegravir angapundule msana wa mwana m'mimba, anachepa chiwerengero cha amayi ofufuzidwa chitakula, ndipo WHO inawavomereza kwa onse mu 2019. Kupima kwa kachilombo (kusamvanso mankhwala) ku dolutegravir n'kosowa koma kwayamba kuoneka, makamaka mwa amene anali kale ndi kachilombo kopima ku mankhwala akale n'kumadumphitsanso. Chenjezo limene sindilimva kawirikawiri ndi ili: tenofovir ndi lamivudine amapondanso matenda a chiwindi a hepatitis B, ndiye amene ali ndi onse awiri akasiya mwadzidzidzi, chiwindi chingatupe koopsa.

TLD sakhudza nkhokwe yogona ija. Chimene amachita ndi kuletsa maselo atsopano kugwidwa, ndipo viral load ikatsika mpaka osaoneka, munthu sapatsira mnzake pogonana.

2. Kutseka chitseko chathu: maraviroc ndi ibalizumab

Awa ndiwo mankhwala ovomerezeka amene amagwiradi puloteni ya munthu. Maraviroc, wovomerezedwa ku America mu 2007, amakhala pa CCR5 n'kuipotoza kuti kachilombo kalephere kugwira. Ibalizumab, wa mu 2018, ndi antibody (puloteni ya chitetezo yomata pa chinthu chimodzi chokha) womata pa CD4, koma pambali pa malo amene CD4 imagwirira ntchito yake ya chitetezo, n'chifukwa chake safooketsa asilikali. Nzeru yake ndi yokongola, sindikana.

*Mtengo.* Ibalizumab anatuluka pa madola pafupifupi 118,000 pachaka. Ndalama imeneyo ingagulire TLD anthu oposa 2,600. Maraviroc ndi wotsikirapo, komabe ali kutali kwambiri ndi madola 45.

*Kupezeka.* Sali m'gulu la mankhwala operekedwa mwachizolowezi m'zipatala za kuno. Amene mankhwala oyamba ndi achiwiri awakanika amapatsidwa ena, monga darunavir, magazi awo atayezedwa kaye kuti aone kupima. Achibale athu okhala ku Britain angakumane ndi maraviroc, koma nakonso ndi wa anthu ochepa.

*Chisamaliro.* Maraviroc amamwedwa kawiri patsiku, mlingo wake umasintha malinga ndi mankhwala ena amene mukumwa, ndipo musanayambe pamafunika kuyeza kwapadera kuti adziwe chitseko chimene kachilombo kanu kamalowera. Ibalizumab amaperekedwa mumtsempha masabata awiri aliwonse. Onse awiri sayenda okha, amafuna ma ARV ena pambali.

*Zoopsa.* Mukatseka CCR5, tizilombo tolowera pa CXCR4 timangopitiriza ntchito, ndipo tingachuluke. Mtundu wa HIV wofala kuno kummwera kwa Africa, subtype C, umakonda CCR5 kuposa mitundu ina, koma si lamulo. Maraviroc alinso ndi chenjezo la chiwindi, ndipo ena amachita chizungulire akaimirira.

3. Jakisoni wa miyezi isanu ndi umodzi: lenacapavir

Uyu ndi amene akusokoneza anthu kwambiri, ndiye ndichedwapo. Lenacapavir amamata pa chigoba cha kachilombo, m'kadzenje komwe Nup153 ndi CPSF6 athu amagwira. Sagwira puloteni yathu. Amakhala pampando umene puloteni yathu ikanakhala, n'kuumitsa chigobacho kuti ulendo wake usokonekere. Kwa ine ichi ndicho chipatso chabwino koposa cha zaka zonse zofufuza mapuloteni a m'selo: kudziwa pamene kachilombo kamatigwira, kenako n'kumenya dzanja lake osati lathu.

Ali ndi ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba, yovomerezedwa mu 2022, ndi yothandiza amene kachilombo kawo kapima ku mankhwala ambiri. Yachiwiri ndi yoteteza amene alibe kachilombo. Mu kafukufuku wa PURPOSE 1 ku South Africa ndi Uganda, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2024, pa atsikana ndi amayi 2,134 amene anabayidwa jakisoniyu, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatenga HIV. Uthenga wa mlamu wanga unali kunena za zimenezi. Si katemera, si mankhwala ochiza, ndipo salowa m'malo mwa 13A.

*Mtengo.* Ku America, wothandiza odwala anayamba pa madola oposa 42,000 chaka choyamba, ndipo woteteza, wovomerezedwa mu June 2025, anatuluka pa madola pafupifupi 28,000 pachaka. Mu September 2025 kunalengezedwa mapangano akuti makampani a ku India, Dr. Reddy's ndi Hetero, adzapange woteteza pa madola 40 pachaka kuyambira 2027.

*Kupezeka.* WHO inamuvomereza ngati njira yodzitetezera mu July 2025, ndipo Zambia ndi Eswatini analandira katundu woyamba chakumapeto kwa chaka chomwecho. Katundu woyambayo anali wochepa, ndipo anayamba ndi amene ali pachiopsezo chachikulu.

*Chisamaliro.* Majakisoni awiri pansi pa khungu, kawirikawiri pamimba, miyezi 6 iliyonse, kuphatikiza mapiritsi ochepa poyambira. Wodziteteza ayenera kuyezetsa HIV asanabayidwe ulendo uliwonse. Wodwala ayenera kumwabe ma ARV ena tsiku ndi tsiku, poti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

*Zoopsa.* Pobayidwa pamatsala kachotupa kolimba, kamene kamatha miyezi. Rifampicin amamufooketsa kwambiri, ndipo kwathu kuno, kumene TB ili paliponse, si nkhani yaing'ono. Choopsa chachikulu ndi mchira wake: mankhwala amatsala m'thupi pang'onopang'ono kwa chaka kapena kupitirira. Mukaphonya tsiku lobayitsa n'kutenga HIV m'nyengo imeneyo, kachilombo kamakumana ndi mankhwala ofooka, ndipo ndi mmene kupima kumayambira. Piritsi mutha kulisiya likakuvutani. Jakisoni akalowa walowa.

Palinso jakisoni wina wa omwe ali kale ndi kachilombo, wa cabotegravir ndi rilpivirine, wobaya miyezi iwiri iliyonse. Uyu ndiye amalowadi m'malo mwa mapiritsi, ndipo kafukufuku wa CARES ku Uganda, Kenya ndi South Africa anaonetsa kuti amagwira ntchito mofanana nawo. Koma ndi wa amene viral load yawo ili kale pansi, rilpivirine amafuna firiji, sapondereza hepatitis B, ndipo sayenderana ndi rifampicin.

4. Kusintha mafuta a m'mafupa: njira ya bambo wa ku Berlin

Anthu ena amabadwa jini ya CCR5 itaduka zilembo 32. Amene analandira jini yodukayi kwa bambo ndi kwa mayi omwe alibe chitseko chimenechi, ndipo HIV yambiri imawalephera. Ndi pafupifupi munthu mmodzi pa 100 mwa azungu a kumpoto kwa Ulaya. Mwa ife Aafirika pafupifupi kulibiretu.

Timothy Ray Brown anali ndi HIV, kenako anadwala khansa ya m'magazi. Mu 2007 ku Berlin, dokotala wake Gero Hütter anamufunira wopereka mafuta a m'mafupa wokhala ndi jini yodukayo. Brown anasiya ma ARV ndipo kachilombo sikanabwerere. Adam Castillejo wa ku London anatsatira, nkhani yake inalengezedwa mu 2019, kenako ena ku Düsseldorf, New York ndi California. Onse pamodzi ndi ochepa oti mutha kuwawerenga ndi zala.

*Mtengo.* Madola masauzande mazanamazana ku America, osawerengera chisamaliro cha pambuyo pake.

*Kupezeka.* Palibe dokotala angakuchiteni zimenezi chifukwa cha HIV yokha. Onse aja anali ndi khansa imene ikanawapha. Komanso wopereka ayenera kufanana nanu magazi mozama, ndipo kufanana kumeneku kumatsata mtundu wa makolo. Kwa Mmalawi, kupeza wofanana naye amene alinso ndi jini yodukayo pawiri kuli ngati kufuna singano m'nkhokwe ya mapira. Mayi wa ku New York uja, wa makolo a mitundu yosiyana, anathandizidwa ndi magazi a mumchombo wa khanda, amene safuna kufanana kwambiri.

*Chisamaliro.* Mankhwala amphamvu opha mafuta anu a m'mafupa, masabata m'chipinda chopatulidwa, miyezi kapena zaka za mankhwala opondereza chitetezo, ndi kuyezedwa magazi kosatha.

*Zoopsa.* Anthu amafa ndi chithandizo chimenechi. Maselo atsopano angaukire thupi lanu lomwe, khungu, matumbo ndi chiwindi. Brown anachitidwa kawiri, ulendo wachiwiri mu 2008 anatsala pang'ono kufa ndipo ubongo unakhudzidwa. Khansa ija inabwerera n'kumupha mu 2020. Komanso si nthawi zonse zimatheka. Amuna awiri a ku Boston, amene opereka awo anali ndi CCR5 yabwinobwino, anaoneka ngati achira, koma atasiya mankhwala mu 2013 kachilombo kanabwerera, wina patatha masabata 12, wina 32. Chodabwitsa n'chakuti bambo wina ku Geneva, woperekanso ali ndi CCR5 yabwinobwino, wakhala opanda mankhwala kuyambira 2021, zimene zikuonetsa kuti chitseko si nkhani yonse.

5. Kudzutsa, kugoneka kapena kudula: zimene zikadali kafukufuku

Pano ndi pamene ofufuza amagwira mwachindunji makina athu owerengera majini. Pali magulu atatu.

Oyamba akuti tidzutse kachilombo kogona kuti chitetezo chikaone n'kupha selolo, munthu ali pa ma ARV. Mu 2012 gulu la David Margolis ku University of North Carolina linapatsa anthu vorinostat, mankhwala a khansa oletsa HDAC, ndipo majini a HIV anayambadi kuwerengedwa m'maselo ogona. Koma kudzuka si kufa. Kafukufuku wa RIVER ku Britain anaphatikiza vorinostat ndi katemera wolimbikitsa chitetezo, nkhokwe sinachepe kuposa mwa omwa ma ARV okha.

Achiwiri akuti ayi, tikagoneke mpaka kalekale. Gulu la Susana Valente ku Scripps, Florida, lagwira ntchito pa mankhwala otseka Tat, ndipo mu mbewa kachilombo kanachedwa kubwerera. Kutseka CDK9 yathu kumaletsanso HIV bwino kwambiri m'mbale ya m'labotale, kungoti majini athu ambiri amadaliranso CDK9, ndiye mwawotcha nkhokwe kuti muphe khoswe. Chilimbikitso cha gululi ndi anthu ngati Loreen Willenberg wa ku California, amene anakhala zaka makumi ali ndi HIV koma opanda mankhwala. Mu 2020 ofufuza anapeza kuti mwa anthu otere kachilombo kotsala kali m'zigawo za DNA zimene selo siliwerenga.

Achitatu akufuna kudula. Mu kafukufuku wa EBT-101, wogwiritsa ntchito lumo lodulira DNA lotchedwa CRISPR, atatu amene anasiya ma ARV onse kachilombo kanawabwerera. Ndipo He Jiankui wa ku China, amene mu 2018 anasintha CCR5 mwa ana amapasa asanabadwe, anamangidwa zaka zitatu.

Chapafupi ndi ife ndi kafukufuku wa ku Umlazi, Durban, wotsogoleredwa ndi Thumbi Ndung'u. Amayi 20 amene anayamba ma ARV atangotenga kachilombo anapatsidwa ma antibody awiri ndi mankhwala odzutsa chitetezo, kenako anasiya mapiritsi akuyang'aniridwa. Zotsatira za mu 2025 zinati anayi anakhala kopitirira chaka osabwerera pa mankhwala. Anayi pa 20 ndi nkhani yosangalatsa kwa wasayansi. Kwa munthu wosankha, ndi 16 amene anabwerera pa botolo.

*Mtengo.* Kafukufuku weniweni salipiritsa, amakubwezerani ngakhale ya thiransipoti. Wokuuzani kuti mulipire kuti mulowe ndi wakuba.

*Kupezeka.* Malo ochepa, anthu ochepa, ndipo nthawi zambiri amafuna oyamba mankhwala msanga.

*Chisamaliro.* Kutengedwa magazi pafupipafupi, mwina sabata iliyonse pamene mwasiya mapiritsi.

*Zoopsa.* Kachilombo kubwerera, kupatsira wokondedwa wanu m'nyengo imeneyo, ndi zovuta za mankhwala amene sanadziwike bwino. Ku Amsterdam mu 1999 anayesa kudzutsa asilikali onse nthawi imodzi ndi mankhwala amphamvu; odwala anavutika kwambiri ndipo nkhokwe inatsalabe.

Za mankhwala azitsamba ochiza HIV sindinaziike pa mndandanda chifukwa palibe choyeza. Achikulire akukumbukira makamu amene anakhamukira ku Machinga mu 1995 kukamwa mchape wa Billy Chisupe, ndipo ku Gambia mu 2007 pulezidenti wa nthawiyo Yahya Jammeh anasiyitsa anthu ma ARV chifukwa cha zitsamba zake. Palibe chikho chimene chimafika mu DNA ya selo logona.

Nanga inuyo muli pati?

Ngati mwangopezeka nako kumene, yambani TLD osadikira. Kuyamba msanga kumachepetsa kukula kwa nkhokwe ija, ndipo ngakhale ofufuza a ku Durban anasankha anthu oyamba msanga.

Ngati viral load yanu yakwera, musathamangire kuganiza za mankhwala a kunja. Achipatala amayamba ndi kuona ngati mukudumphitsa kapena ngati pali china chikusokoneza mankhwala, n'kuyezanso patapita miyezi itatu. Nenani zoona pamenepo, ngakhale za mapiritsi a magazi ndi zitsamba. Maraviroc, ibalizumab ndi lenacapavir ndi za amene kuyeza kwatsimikiza kuti mankhwala ambiri apima, ndipo chisankho chake chimakhala cha madokotala odziwa.

Ngati mulibe kachilombo koma muli pachiopsezo, ndipo piritsi lodzitetezera la PrEP la tsiku ndi tsiku likukuvutani kumwa kapena kubisa, funsani za jakisoni woteteza, lenacapavir kapena cabotegravir, malinga ndi amene wafika pachipatala chanu. Dzifunseni moona mtima ngati mudzakhala pafupi ndi chipatala tsiku lobayitsanso. Kwa woyenda maulendo a Joni wosadziwa tsiku lobwerera, mchira uja ndi wofunika kuuganizira kawiri.

Ngati muli pa mankhwala a TB kapena muli ndi hepatitis B, majakisoni akhale pambali kaye. Mapiritsi ndiwo akuyenerani.

Ngati muli ndi HIV komanso khansa ya m'magazi yofuna kusintha mafuta a m'mafupa, apo pokha ndi pamene funso la wopereka wopanda CCR5 lili ndi tanthauzo, ndipo ngakhale pamenepo chofunika choyamba ndi wopereka wofanana nanu.

Ngati mukufuna kulowa kafukufuku, funsani kalata yovomereza ya NHSRC kapena COMREC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi, funsani kuti viral load ikafika pati adzakubwezerani pa mankhwala, ndiponso ngati mnzanu wa kunyumba adzapatsidwa PrEP.

Ndipo ngati muli pa 13A, viral load ili pansi, thupi lili bwino, khalani pomwepo. Mlamu wanga uja ali m'gulu limeneli. Titakambirana zinapezeka kuti chimene chimawavuta si kachilombo, ndi thupi limene lawonjezera makilogalamu angapo ndi tulo tosowa. Ulendo wotsatira wokatenga mankhwala akukapempha kuyezedwa shuga ndi BP, komanso kufunsa ngati angasamutse piritsi kuchoka usiku kupita m'mawa.